Maola 13 amene ndinanamiza nawo amalume

Foni inalira 3 koloko m'bandakucha wa Lachiwiri, mu January 2020. Aliyense amene amakhala kunja amadziwa kuti foni ya nthawi imeneyo siibwera ndi moni. Kwathu ku Dedza inali 10 koloko m'mawa, ndipo kumbuyo kwa mawu a amalume ndinkamva mvula ikumenya malata.

"Mphwanga, kuno zavuta. Agogo anu atisiya."

Agogowo ndi amene anandilera kuyambira ndili Sitandade 2 mpaka ndinapita ku sekondale. Panalibenso zofunsa ngati ndipite kapena ayi. Funso linali limodzi, ndipo amalume monga mwini mbumba anayenera kukhala ndi yankho lake asanapite kwa amfumu: ndifika liti? Thupi linali ku mochale. Adzukulu anafunika kuuzidwa tsiku lokumba manda. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pa siwa, ndipo munthu aliyense wogona pa maliro amadya.

Pofika masana ndinali nditapeza tikiti. Ndinaimbanso.

"Ndinyamuka mawa, Lachitatu, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Ndege yake ndi ya maola 13."

"Chabwino, mphwanga. Tikudikirani."

Zimene ndinanenazo zinali zoona. Ndege yochoka pa bwalo la Dulles, kunja kwa mzinda wa Washington, kupita pa bwalo la Bole ku Addis Ababa imauluka maola pafupifupi 13 osatera paliponse, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 11,500. Nambala imeneyi ndi imene inali m'mutu mwanga chifukwa ndi gawo la ulendo limene ndimaliopa, limene msana umalikumbukira. Koma amalume anachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita. Anatenga 11 koloko ya pa wotchi yawo, n'kuwonjezerapo maola 13, n'kupeza kuti ndifika pakati pa usiku wa Lachitatu. Anauza amfumu kuti maliro aikidwa Lachinayi masana.

Ndinazindikira zimenezi nditakhala kale pampando wodikirira ndege, chikwama chitalowa kale m'kati, pamene mlongo wanga anatumiza uthenga pa WhatsApp wofunsa ngati galimoto ikandidikire pa bwalo la Kamuzu usiku womwewo. Mtima unagunda. Ndinatulutsa cholembera n'kuyamba kuwerengera kumbuyo kwa kapepala kolowera m'ndege, ngati mwana amene wakumbukira homuweki aphunzitsi atalowa kale m'kalasi.

Choyamba, 11 koloko ya ku Washington si 11 koloko ya ku Dedza. M'nyengo yozizira ya ku America, Malawi amakhala patsogolo ndi maola 7, ndipo m'nyengo yotentha, iwo akasuntha mawotchi awo, amatsala 6. Ndiye kuti ndege yanga ikamanyamuka, kumudzi kunali kukhala 6 koloko madzulo, nkhuku zikulowa. Kuwonjezera maola 13 aja, ndikutera 7 koloko m'mawa wa Lachinayi pa nthawi ya ku Malawi, ndipo kumene ndikuterako ndi ku Ethiopia. Pamenepo pali kudikira maola angapo, kenako ndege ina ya makilomita pafupifupi 2,600 kutsikira kum'mwera, imene imadya maola atsala pang'ono kukwana 4. Kenako mzere wa mapasipoti, zikwama, msewu. Zonse zikayenda bwino, ndikufika pa siwa dzuwa la Lachinayi likulowa, agogo ataikidwa kale.

Ndinaimba ndili chiimire pafupi ndi zenera. Amalume anakhala chete nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti netiweki yadula.

"Ndiye maola 13 aja ndi ati?"

Ndinayesa kufotokoza za mawotchi ndi za Addis Ababa, koma ndinkamva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati a munthu amene wadya ndalama za chipepeso.

"Basi, tiwauza adzukulu asunthe. Tiika Lachisanu."

Sanawonjezere kanthu. Koma ine ndikudziwa tanthauzo la tsiku limodzi lowonjezera pa maliro mu January, mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona pansi: thumba lina la chimanga, nkhuni zonyowa, ndalama ina ya ku mochale, ndi anthu amene anayenera kukhala kumunda akubandira chimanga atakhala pamphasa kudikira munthu wa ku America amene satha kuwerenga maola.

Ndinalowa m'ndege ndili ndi manyazi amenewo, ndipo tulo sitinabwere. Chimene chinanditsala ndi kasikirini ka kumbuyo kwa mpando wa mnzanga wapatsogolo, kamene kamaonetsa kandege kakukwawa pa mapu. Maulendo ena onse ndinkaonera mafilimu. Ulendo umenewu ndinayang'ana manambala okhaokha, ngati kuti kuwayang'anitsitsa kukankha ndegeyo: kutalika kuchokera pansi, mamita opitirira 10,000, kunja kukuzizira mpaka madigiri 50 kunsi kwa ziro, mtunda wotsala, nthawi yotsala.

Chinthu choyamba chimene chinandivuta ndi njira. Ethiopia ali kum'mwera chakum'mawa kwa Washington. Aliyense amene anaonapo mapu a pakhoma la kalasi angayembekeze ndege kulunjika chotsika, kudutsa pakati pa nyanja ya Atlantic, n'kulowa mu Africa cha ku Senegal. Koma kandege kaja kanaloza kumpoto chakum'mawa. Tinatsata gombe la America chokwera, kudutsa kufupi ndi Canada, kenako n'kuwoloka nyanja kulunjika ku Ulaya. Munthu amene ali pa changu cha maliro akaona zimenezi amafuna kugogoda pakhomo la oyendetsa ndege. Mzerewo unali wopindika ngati uta.

Amene amanama ndi mapu, osati ndege. Dziko ndi lozungulira, ndipo kuliyala papepala kuli ngati kuyala khungu la lalanje patebulo: penapake pang'ambika kapena patamuka. Mapu amene ambiri tinakula nawo amatsata kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, kamene kanapangidwira oyendetsa zombo. Kajambulidwe kameneka kamatamula mayiko akumpoto moti Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, pomwe Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Pa dziko lenileni, njira yaifupi pakati pa malo awiri otalikirana a kumpoto kwa ikweta imakhotera kumpoto ikajambulidwa pa pepala lathyathyathya. Uta uja ndiwo unali chidule.

Chinthu chachiwiri chinali liwiro. Ndege zikuluzikulu za masiku ano zimathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola. Koma tili pamwamba pa Atlantic nambala ya pa sikirini inakwera mpaka kudutsa 1,000. Bambo wina amene anakhala nane, wa ku West Africa, amene ankapita kukasintha ndege ku Addis Ababa ngati ine, anaona kuti ndikuyang'anitsitsa, n'kundiuza motsimikiza kuti zimenezi zimachitika chifukwa dziko limazungulira pansi pathu. Sindinatsutse, maliro sapatsa mphamvu ya mtsutso. Koma zikanakhala choncho, zikanayenda mosemphana: dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ndiye kuti Addis Ababa akanakhala akutithawa, ndipo opita kumadzulo ndi amene akanafika msanga. Zoona zake n'zakuti mpweya umayenda limodzi ndi dziko, monga ntchentche ya m'basi imene siisiyidwa kumbuyo basi ikathamanga.

Chimene chinkatikankha ndi mphepo. M'mwambamo, pamene ndege zimauluka, muli mitsinje ya mphepo yoyenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, imene akatswiri amaitcha jet stream. Imabadwa pamene mpweya wozizira wakumpoto wakumana ndi wofunda wochokera kum'mwera, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaipotozera kum'mawa. Choncho bambo uja anali ndi kachigawo kake ka choonadi, kungoti anakagwira molakwika. M'nyengo yozizira mphepoyi imatha kupitirira makilomita 300 pa ola. Oyendetsa ndege opita kum'mawa amaisakasaka kuti aikwere, ndipo opita kumadzulo amaizemba. Nkhani ya amene anaitulukira imandisangalatsa. Katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, anaiyeza m'zaka za m'ma 1920 poulutsa mabaluni, koma zotsatira zake anazilemba m'chinenero cha Esperanto, chochita kupanga kuti anthu a mayiko osiyana azimvana, poganiza kuti dziko lonse liwerenga. Anawerenga ndi ochepa. Ife amene timalemba m'Chichewa tisamuseke kwambiri.

Usiku wa ulendo umenewo unali waufupi modabwitsa. Tinanyamuka dzuwa lisanafike pamutu, koma patangopita maola ochepa kunja kunada bii, chifukwa tinkathamangira kumene mdima ukuchokera. Tinadutsa nyanja ya Mediterranean, n'kutsika pamwamba pa chipululu, Egypt kenako Sudan, ndipo kunayamba kucha pamene thupi langa linkaganiza kuti nthawi yogona yangokwana kumene.

Njira ya pamwamba pa Sudan imeneyo ndimaikumbukira masiku ano chifukwa nkhondo itabuka kumeneko mu April 2023, mlengalenga mwa dzikolo munatsekedwa ndipo ndege zinayamba kulambalala. Kumwamba kulibe mipanda yooneka, koma kuli ndi eni. Russia atatseka mlengalenga mwake kwa ndege za ku Ulaya mu 2022, ulendo wa Helsinki ku Finland kupita Tokyo ku Japan umene unali wa maola pafupifupi 9 unafika cha m'ma 13, mizinda iwiriyo isanasunthe n'komwe. Ndipo kuno kwathu zinachitikapo kale. Kuyambira mu 1963 mayiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za South African Airways kudutsa pamwamba pawo chifukwa cha ulamuliro wa tsankho, moti ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku London zinkazungulira panyanja kumadzulo kwa Africa, zina n'kumakamwera mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Tikiti siinena zonsezi. Imangolemba nthawi yonyamuka ndi yofika, ngati kuti pakatipo palibe anthu.

Ku Addis Ababa tinatera cha m'ma 8 koloko m'mawa, wotchi yakumeneko ili patsogolo pa ya Malawi ndi ola limodzi. Ndinadzitonthoza pang'ono pokumbukira kuti eni dzikolo ali ndi kawerengedwe kawokawo: amayamba kuwerenga maola kukacha, moti 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko, ndipo kalendala yawo ili ndi miyezi 13 ndipo imatsalira zaka 7 kapena 8 kumbuyo kwa yathu. Ndikanakhala kuti ndinauza amalume nthawi ya kumeneko, bwenzi adzukulu atakumba manda chaka china. Pabwalo la ndege mwamwayi amagwiritsa ntchito wotchi imene tonse timaidziwa.

Pa geti ya ndege ya ku Lilongwe m'pamene Chichewa chinayamba kumveka. Sindikudziwa chifukwa chake, koma nthawi zonse ndi pamenepo pamene mtima wanga umavomereza kuti ndikupitadi kwathu. Mayi wina wochokera ku Dubai ndi katundu wa bizinesi, wophunzira wochokera ku China, abusa awiri. Nditangonena kuti ndikupita ku zovuta, mayi uja anati "Pepani, achimwene" n'kundisunthira chikwama chake kuti ndikhale. Ndinalira koyamba pamenepo, patatha masiku awiri.

Mukatenga ulusi n'kuumangirira pa Dulles ndi pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 12,800. Kudzera ku Addis Ababa umapitirira 14,100. Ndege zotha kuuluka 12,800 osatera zilipo. Ya Singapore Airlines imachoka ku Singapore mpaka ku New York, makilomita opitirira 15,000, maola opitirira 18 ili m'mwamba. Vuto lathu si injini. Palibe kampani imene ingapeze anthu 250 tsiku lililonse ofuna kuchoka ku Washington kupita ku Lilongwe. Choncho ife a mayiko ang'onoang'ono timasonkhanitsidwa kaye pa depoti, kaya Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, n'kugawidwa. Aliyense amene anakhalapo m'minibasi yodikira kudzaza amaidziwa kale sayansi imeneyi.

Tinatera ku Lumbadzi 1 koloko isanakwane. Kuchokera pazenera dziko lonse linali lobiriwira, chimanga chafika m'chiuno, mitsinje yofiira ndi matope. Ndinatuluka panja cha m'ma 2 koloko. Mlamu wanga anali akundidikira ndi galimoto yobwereka. Tinadutsa m'tauni pang'onopang'ono, kuwoloka mlatho wa Lilongwe, kulowa M1 kulowera kum'mwera, Nathenje, kenako Linthipe, pamene tinasiya tala. Makilomita otsalawo sakwana 20. Anatitengera nthawi yopitirira ola, chifukwa pa dambo lina galimoto inatitimira mpaka anyamata obwera kuchokera kumunda anatikankha, ine nditavula nsapato zimene ndinavala kunyumba kwanga ku Maryland, pafupi ndi Washington, dzulo lake. Ndinafika pa siwa hafu pasiti 5, amayi a Chigwirizano akuimba m'nyumba. Kuchokera pamene ndinatseka chitseko changa kufika pamene ndinagwada pakhomo la agogo panadutsa maola 27 ndi theka. M'mwamba ndinakhalamo 17 okha.

Tinaika Lachisanu. Za tsikulo sindilemba.

Patapita masiku, anthu atabalalika, tinakhala pakhonde madzulo ine ndi amalume, tikukazinga chimanga chouma. Sanatchulenso nkhani ya maola ija, ndipo kusatchulako kunkandiwawa kuposa kukalipiridwa. Ndinaiyamba ndekha. Ndinaitanitsa mpira wachikulunga umene ana ankasewera pabwalo, ndi kaluzi. Ndinabaya kamtengo pamwamba chakumanzere, ndikuti apa ndi Washington, kena chapakati kumanja, apa ndi Addis Ababa, kena m'munsi mwake, apa ndi kwathu. Nditakoka luzi pakati pa timitengo tiwiri toyambato, linagona lokha mokhotera pamwamba pa mpirawo, monga mmene kandege kaja kanachitira. Ana anaunjikana. Ndinawaonetsa ndi tochi ya foni mmene mbali imodzi imakhalira masana ina ili usiku. Amalume anayang'ana mwachidwi, koma anafunsa funso lina.

"Ndiye pobwerera ndi maola 13 omwewo?"

"Ayi, amalume. Pafupifupi 17."

"Mudzera njira ina?"

"Pafupifupi yomweyo."

Apa ndinayenera kufotokoza zinthu ziwiri. China ndi mphepo ija, imene pobwera inali kumsana ndipo pobwerera ikhala kumaso. China ndi malo amene bwalo la Bole lili. Addis Ababa ali pamwamba pa mapiri, mamita opitirira 2,300 kuchokera pa nyanja, pamene bwalo la Kamuzu lili cha m'ma 1,200 ndipo la Dulles lili pansi penipeni. Pamwamba chonchi mpweya ndi wopepuka. Mapiko sagwira bwino, injini sizikoka mokwanira, ndipo ndege yolemera imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Ndege ya ulendo wautali imatha kunyamula matani pafupifupi 100 a mafuta okha. Ikadzaza matanki onse, n'kuwonjezera anthu ndi katundu wawo, kunyamuka pa Bole kumavuta. Ndiye amathira mafuta okwanira theka la njira, n'kukatera pena kuti amwenso. Masiku amenewo ndege za Ethiopian Airlines zopita ku Washington zinkaima ku Dublin, ku Ireland. Ndinabaya kamtengo kachinayi pamwamba pa chikulunga chija, ndipo kanagwera pafupi kwambiri ndi luzi. Kupatukako sikuwonjezera ngakhale makilomita 300. Chimene chimadya nthawi ndi kutsika, kuima, kukweranso, ndi kulimbana ndi mphepo pa Atlantic.

Amalume anatafuna chimanga kwa kanthawi, akuyang'ana mpira uja.

"Ndamva," anatero. "Ndiye kuti kubwera kuno n'kotsetsereka. Ku America n'chitunda."

Ndinaseka koyamba chifikireni.

Ndinabwerera mu February, mwezi womwewo umene mphepo ya pa Atlantic inalusa mpaka ndege ya British Airways inachoka ku New York kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56, ulendo umene nthawi zambiri umapitirira maola 6. Iwo ankatsetsereka, ife tinkakwera. Tinanyamuka ku Addis Ababa usiku kwambiri, ndipo ulendo uno usiku unakana kutha, chifukwa tinkathawa dzuwa. Tinatera ku Dublin kudakali mdima. Sanatilole kutsika. Magetsi anayaka m'kati, anthu n'kuimirira kuwongola miyendo, mzere wa kuchimbudzi n'kutalika mpaka pakati pa ndege. Pazenera ndinkaona munthu wovala jekete yowala akukoka paipi yaikulu pansi pa phiko, kamvula kakuwaza cham'mbali. Oyendetsa ndege ndi ogwira ntchito amene tinachoka nawo ku Addis Ababa anatsika ndi zikwama zawo, n'kukwera ena a nkhope zotsitsimuka.

Ndinayatsa foni. Kwathu kunali kutacha kale, Dedza ali patsogolo pa Dublin ndi maola awiri. Panali uthenga wochokera pa nambala ya mlongo wanga, koma mawu ake anali a amalume: "Mwafika?"

Ndinalemba kuti ayi, tili pakati pa chitunda, tikumwetsa ndege. Kenako ndinawerengera kawiri kumbuyo kwa kapepala kolowera m'ndege, n'kuwauza kuti ayembekeze foni yanga cha m'ma 4 koloko madzulo, pa wotchi yawo.